Matuza, Mivi Yachikasu ndi Beseni la Madzi: Zomwe Njira ya ku Santiago Imaphunzitsa Oyenda Pansi

Mu ofesi yolandirira aulendo m'tauni yaing'ono ya Saint-Jean-Pied-de-Port, kum'mwera chakumadzulo kwa France, muli sikelo yokoleka, yangati ija ya ogula mbewu pamsika. Pa sikeloyo amayezerapo zikwama. Munthu amene wangotsika sitima yochokera ku Bayonne amatula chikwama chake n'kuchikoleka, ndipo sikelo ikaloza makilogalamu 13 kapena 14, anthu ongodzipereka amene amagwira ntchito mu ofesimo amangopukusa mutu. Malangizo awo sasintha: chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwiniwake. Wolemera makilogalamu 70 asenze 7 basi. Ambiri amavomera ndi pakamwa pokha, n'kuchoka ndi katundu wawo yense. Mawa lake phiri ndi limene limawalankhula.

Apa ndi pamene anthu ambiri amayambira Camino Francés, yotchuka kwambiri mwa njira zingapo zopita ku Santiago de Compostela, mzinda wa m'chigawo cha Galicia kumpoto chakumadzulo kwa Spain. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 800, ndipo wamphamvu zake amaumaliza m'masabata anayi kapena asanu. Mu 2023 ofesi ya aulendo ya ku Santiago inapereka ziphaso kwa anthu oposa 440,000 amene anafika kudzera m'njira zosiyanasiyana, ndipo chaka chotsatira anatsala pang'ono kukwana theka la miliyoni. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 sankakwana n'komwe 3,000 pachaka. M'khwimbi limeneli muli Akatolika ogwira kolona m'manja, Aprotestanti ochokera ku South Korea, ophunzira a ku Germany, nkhalamba zopuma pantchito, ndiponso ambiri amene analowa m'tchalitchi komaliza pa tsiku la ukwati wawo.

Mmalawi akamva kuti pali anthu amene amalipira ndege kuti akayende pansi mwezi wathunthu akhoza kuseka, ndipo sangakhale atalakwa. Kwa mayi amene amayenda makilomita khumi kupita kuchipatala mwana ali kumbuyo, kuyenda pansi si tchuthi. Komatu zimene mayiyo amazidziwa kale, zoti munthu amapulumuka chifukwa cha madzi, mthunzi ndi malo ogona a anthu ena, m'mayiko olemera zinaiwalika, moti ena amachita kukazifunafuna ku Spain ndi mapazi awo.

Tsiku loyamba ndi limene limalanga kwambiri. Kuchoka ku Saint-Jean, kumene kuli mamita pafupifupi 200 pamwamba pa nyanja, njira imakwera mapiri a Pyrenees mpaka pa Col de Lepoeder, mamita oposa 1,400, kenako n'kutsetsereka m'nkhalango kufika ku Roncesvalles. Onse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 25. Ukangopitirira Orisson, pa kilomita yachisanu ndi chitatu, palibenso mudzi: nkhosa, mahatchi oyenda okha ndi mabelu m'khosi, miimba mumlengalenga, ndi chifunga chimene chimatha kutsika mwadzidzidzi n'kubisa munthu amene ali patsogolo pako. Anthu akhala akufera kumeneko, n'chifukwa chake akuluakulu a chigawo cha Navarra amatseka njira yam'mwambayi kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi, ndipo oyenda m'nyengo yozizira amadzera kumunsi ku Valcarlos. Kale kwambiri, pa mpata wa Ibañeta panali kachisi wamng'ono amene ankalizapo belu kukachita chifunga, kuti osochera atsate kulira kwake.

Ku Roncesvalles amene amalandira ofika ndi anthu ongodzipereka ochokera ku Netherlands. M'nyumba yogonamo muli malo amene aulendo amasiyapo zinthu zimene azindikira kuti sangathe kupitirira nazo: mabuku, majuzi, nsapato zachiwiri, mabotolo a mafuta odzola. Ena amakatumiza katundu wawo ku Santiago kudzera pa positi ofesi akafika ku Pamplona. Oyenda njirayi amakonda kunena kuti m'chikwama munthu amalongedzamo mantha ake. Woopa kuzizira amasenza zofunda zambiri, woopa kudwala amasenza mankhwala a chipatala chonse, woopa njala amadzaza zitini. Pa chaputala 6 cha Maliko, Yesu potumiza ophunzira ake khumi ndi awiri anawalola kutenga ndodo ndi nsapato, koma anawaletsa thumba, chakudya ndi ndalama. Ulaliki wa ndime imeneyi umamveka mosiyana kwa munthu amene wakhala maola asanu ndi atatu malamba a chikwama akumucheka m'mapewa. Madzulo pamakhala Misa, wansembe amatchula mayiko a anthu amene afika tsikulo n'kuwadalitsa m'zinenero zingapo. M'mawa, potuluka, onse amadutsa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu cholemba kuti Santiago de Compostela ili pa makilomita 790.

Kodi kumapeto kwa makilomita amenewo kuli chiyani? Buku la Machitidwe a Atumwi limanena kuti Yakobo, mbale wake wa Yohane, anaphedwa ndi lupanga polamula Mfumu Herode. Izi zinachitika ku Yerusalemu cha m'ma 44. Mwambo wa ku Spain umati ophunzira ake ananyamula mtembo pa bwato mpaka ku Galicia, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 800 munthu wina wokhala payekha, dzina lake Pelayo, anaona kuwala m'thengo, Episkopi Teodomiro n'kulengeza kuti manda apezekawo ndi a mtumwiyo. Mfumu Alfonso II ya ku Asturias inamangitsapo tchalitchi, pamene lero pali mzinda wa Santiago. Si onse anakhulupirira. Martin Luther anaunyoza ulendowu poyera, ponena kuti palibe akudziwa ngati m'mandamo muli mtumwi kapena chiweto chakufa. Mu 1589 mafupawo anabisidwa poopa asilikali a pamadzi a Francis Drake, ndipo anabisidwa bwino kwambiri moti sanapezekenso mpaka mu 1879. Papa Leo XIII anawavomereza mu 1884.

Mkhristu wa mpingo uliwonse ali ndi ufulu wokhulupirira kapena kukayika nkhani ya mafupayi. Chimene sangachikayike ndi milatho.

Buku la m'zaka za m'ma 1100 lotchedwa Codex Calixtinus lili ndi gawo lolangiza aulendo, ndipo likuonetsa mmene njirayi inalili yoopsa. Mlembi wake akusimba za mtsinje wa Salado, pafupi ndi mudzi wa Lorca, pamene anthu awiri amene ankanola mipeni anamuuza kuti madziwo ndi abwino. Mahatchi ake awiri atamwa anafa, ndipo anthu aja anawasenda pomwepo. Panalinso achifwamba, mimbulu, ndi eni mabwato odyera alendo masuku pamutu. M'dziko lotere munabadwa mnyamata wina dzina lake Domingo, amene anafuna kukhala mmonke koma nyumba ziwiri za amonke, ya Valvanera ndi ya San Millán, zinamukana. Anakakhala m'nkhalango pafupi ndi mtsinje wa Oja, ndipo poona mmene aulendo ankavutikira kuwoloka, anayamba kugwetsa mitengo, kulambula msewu, kumanga mlatho ndi nyumba yolandiriramo odwala. Anamwalira mu 1109. Tauni imene inamera pamenepo imatchedwa Santo Domingo de la Calzada, ndipo mainjiniya a misewu ndi milatho ku Spain amamutenga ngati woyera wowayang'anira. Alendo ambiri amathamangira kukaona tambala ndi nkhuku zamoyo zimene zimasungidwa m'tchalitchi chachikulu cha tauniyo pokumbukira nthano ya mnyamata amene anapachikidwa koma osafa. Nkhukuzo n'zosangalatsa, koma chozizwitsa chenicheni ndi chakuti munthu amene anakanidwa kawiri pa ntchito ya Mulungu anaipeza ntchitoyo m'miyala ndi m'matope. Wophunzira wake, Juan de Ortega, anapitiriza kumanga milatho ndi malo ogona kutsogolo, cha ku Burgos.

Zaka mazana asanu ndi atatu pambuyo pake, njirayi inali itatsala pang'ono kufa. Nkhondo, miliri ndi kugawikana kwa mpingo ku Ulaya zinachepetsa aulendo, tinjira tinamera tchire, kwina munalimidwa minda. Amene anaidzutsa ndi Bambo Elías Valiña, wansembe wa parishi ya O Cebreiro, kamudzi ka pamwamba pa phiri kolowera ku Galicia, kumene mpaka lero kuli nyumba zozungulira zofolera udzu. Bambo Valiña anafufuza mbiri ya njirayi mpaka kulembapo digiri yaukachenjede, ndipo mu 1984 anatenga penti yachikasu, imene akuti inatsala pa ntchito yokonza misewu, n'kuyamba kujambula mivi pamiyala, pamitengo ndi pamakoma a makola, kuchokera kumalire a France mpaka ku Santiago. Nkhani imene imasimbidwa kwambiri imati apolisi atawapeza ndi chitini cha penti pafupi ndi malire anawafunsa chimene ankachita, iwo n'kuyankha kuti akukonzekera khamu lalikulu limene lidzalowa kuchokera ku France. Anamwalira mu 1989, khamulo lisanafike kwenikweni. Mu 1993, chaka chimene bungwe la UNESCO linaika njirayi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ofika ku Santiago anatsala pang'ono kukwana 100,000.

Lero munthu akhoza kuyenda dziko lonse la Spain popanda mapu, kungotsata mivi imene magulu a anthu ongodzipereka amaipentanso ikafufutika. Woyenda sawaona anthu amenewa ndipo sadziwa mayina awo, koma pa mphambano iliyonse amawakhulupirira. Nthawi zina chikhulupirirocho chimamugwiritsa mwala, chifukwa eni malo ena odyera amajambula mivi yawoyawo yokhotetsera anthu pakhomo pawo, ndipo wosachenjera amawonjezera kilomita imene sanaifune. Abusa amene anayendapo njirayi savutika kupeza chitsanzo akamalalikira za aphunzitsi onyenga.

Pofika sabata yachiwiri nkhani za madzulo zimakhala za mapazi. Matuza amatuluka ku chidendene, pansi pa zala, ngakhale pansi pa chikhadabo. Ena amawaboola ndi singano yoviika mu mankhwala n'kusiyamo kaulusi kuti madzi azituluka, ngakhale azachipatala saikonda njira imeneyi. M'nyumba zogonamo aulendo, anthu makumi angapo amagona m'chipinda chimodzi pa mabedi osanjikizana. Magetsi amazimitsidwa 10 koloko usiku, pofika 8 koloko m'mawa aliyense akhale atatuluka, ndipo suloledwa kugona kawiri malo amodzi pokhapokha utadwala. Pali oliza mkonono, pali ophokosera ndi mapepala apulasitiki m'bandakucha, ndipo nthawi zina pali nsikidzi, zimene sizisankha pakati pa loya wa ku Milan ndi wophunzira wa ku Seoul. Kukonda mnzako kumayesedwa pano kuposa pa phiri.

Mudzi wa Grañón, kumalire a chigawo cha La Rioja, uli ndi malo ogona m'kati mwenimweni mwa tchalitchi cha San Juan Bautista. Ofika amakwera masitepe a miyala a nsanja ya belu, amavula nsapato, n'kupatsidwa kamatiresi koyala pansi. Palibe mtengo. Pali kabokosi kotsegula ndi chikalata chouza munthu kuti asiye chimene angathe ndipo atenge chimene akusowa. Chakudya chimene aulendo amadya usiku umenewo chinagulidwa ndi ndalama za amene anagona dzulo, ndipo zimene asiye iwowo zidyetsa obwera mawa. Onse amasenda mbatata limodzi, amadya limodzi, amatsuka mbale limodzi, kenako ofuna amalowa m'tchalitchi kukapemphera, kandulo ikuyenda kuchoka m'dzanja la wina kupita kwa wina, aliyense akulankhula m'chinenero chake. Ku Grañón sadinda n'komwe chidindo m'kabuku ka ulendo kosonyeza kumene munthu wadutsa, pamene malo ena ambiri amadinda.

Kutsogolo, pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Pisuerga, pali kachisi wakale wa San Nicolás amene amasamaliridwa ndi gulu la Akatolika a ku Perugia, ku Italy. Malo ndi ochepa, mabedi ngati khumi ndi awiri, ndipo usiku amawunikira makandulo. Chakudya chisanafike, olandira alendo amavala mikanjo yokhala ndi zigoba za nkhono, amakhazika aulendo pafupi ndi guwa, n'kubwera ndi beseni ndi mtsuko. Mmodzi amagwada, amafunsa dzina la mlendo, amathira madzi pa phazi, amalipukuta, amalipsompsona, mnzake akupempherera ulendo wa mwini phazilo. Mapazi ake si osambitsidwiratu ngati a anthu khumi ndi awiri amene amasankhidwa pa Lachinayi Loyera. Ndi otupa, omatidwa mapulasitala akuda, zikhadabo zina zitathothoka. Ambiri amene anakhalapo pa mpandowo amasimba kuti chovuta sichinali fungo kapena manyazi okha, koma kulola kutumikiridwa popanda chobweza. Petro nayenso anayamba wakana, malinga ndi chaputala 13 cha Yohane.

San Nicolás ali m'dera lotchedwa Meseta, chidikha chokwera cha pakati pa Burgos ndi León, makilomita pafupifupi 180 a minda ya tirigu. Mitengo ndi yowerengeka. M'chilimwe dzuwa limaswa mtengo, moti anthu amanyamuka kusanache atamanga tochi pachipumi. Pakati pa Carrión de los Condes ndi Calzadilla de la Cueza pali makilomita 17 opanda mudzi, njira yowongoka yotsata msewu wakale wa Aroma, ndipo mudzi wa Calzadilla uli m'kachigwa, suoneka mpaka utatsala pang'ono kuuponda. Ambiri amakwera basi kudumpha dera lonseli, ati palibe choona. Amene amaliyenda amati ndiye pamene ulendo unayambira. Kukongola kukatha, foni itazima, mwendo utazolowera, munthu amatsala ndi zimene anazithawa kwawo: ukwati umene unatha, mwana amene sanamukhululukire, maliro amene sanawalire. Baibulo lili ndi zipululu zambiri, cha Mose, cha Eliya, cha Yesu mwini, ndipo palibe chimene chinali malo okaonako zokongola.

Pa mapiri a kutsogolo kwa Astorga, mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja, pali Cruz de Ferro: kamtanda kachitsulo pamwamba pa mlongoti wamtengo, pansi pake mulu waukulu wa miyala. Mwambo wake ndi wakuti munthu amatenga kamwala kwawo, amakasenza ulendo wonse, n'kudzakasiya apa. Pa muluwo pamapezeka miyala yolembedwa mayina, zithunzi za omwalira, tinsapato ta ana, makolona. Mprotestanti wokhwima angafunse ngati mwala ungachotse tchimo, ndipo yankho n'lakuti ayi. Koma Yakobo wa m'Chipangano Chakale anaimika mwala ku Beteli, Yoswa anaunjika khumi ndi iwiri atawoloka Yordano, Samueli anaimika wake n'kuutcha Ebenezeri. Onsewo ankadziwa kuti munthu amaiwala msanga chimene sanachigwire ndi dzanja. Chimene zithunzi za pa intaneti sizionetsa n'chakuti ukasiya mwalawo, kutsogolo kuli chitsetso cha miyala yoterera chopita ku El Acebo ndi Molinaseca, chimodzi mwa zopweteka mawondo kwambiri pa njira yonse. Mtolo wa mumtima ukhoza kutsika, koma chikwama chimakhala chikadali kumsana.

Yesero lomaliza limadza ku Sarria. Kuti munthu alandire chiphaso chotchedwa Compostela, cholembedwa m'Chilatini, ayenera kuyenda pansi makilomita osachepera 100, kapena 200 pa njinga, ndipo aonetse zidindo ziwiri pa tsiku m'kabuku kake. Sarria ili pa makilomita pafupifupi 115 kuchokera ku Santiago, choncho ndi pamene anthu ochuluka kwambiri amayambira. Amene wachokera ku France, nkhope itapsa, nsapato zitang'ambika, amadzuka m'mawa n'kupeza njira yadzaza ana asukulu oimba ndi magulu a anthu onunkhira sopo, zikwama zawo zitatsogola pa galimoto. Mawu onyoza amayamba kumveka, akuti awa si aulendo enieni. Ndiye ku Santiago onse amaima pa mzere umodzi n'kulandira pepala lofanana ndendende. Fanizo la antchito a m'munda wa mpesa pa chaputala 20 cha Mateyu, amene analembedwa ntchito madzulo koma n'kulandira malipiro ofanana ndi amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse, limatchulidwa kawirikawiri m'makilomita amenewa, ndipo amene limawawawa kwambiri ndi aja amene masiku apitawo ankadziona kuti aphunzira kudzichepetsa. Sadziwa kuti mayi amene akumunyozayo mwina wangochira khansa, ndipo masiku asanu ndi okhawo amene thupi lake lingathe.

Kufika kwenikweniko ambiri kumawasokoneza. Pa Monte do Gozo, makilomita asanu kuti ufike, pamene Papa Yohane Paulo II anasonkhanitsa achinyamata a dziko lonse mu 1989, nsanja za tchalitchi zimaonekera patali. Kenako ndi misewu ya phula, maloboti, mashopu, mpaka bwalo la Obradoiro la kutsogolo kwa tchalitchicho, pamene ena amalira, ena amagona chagada pamiyala, ena amangoima osadziwa chochita. Pa Misa ya aulendo amawerenga mayiko awo ndi kumene anayambira. Pa masiku ena achikondwerero, kapena gulu lina likalipira, amuna asanu ndi atatu amakoka zingwe za Botafumeiro, chofukizira lubani cholemera makilogalamu oposa 50, chimene chimauluka mpaka pafupi ndi denga. Akuti kale chinkathandizanso kuphimba fungo la aulendo amene ankagona m'tchalitchimo. Ena mapazi amawakanabe kuima, amawonjezera makilomita ena pafupifupi 90 kukafika kunyanja ku Finisterre.

Kuchuluka kwa anthu kwabweretsa mavuto ake. Nzika za Santiago zimadandaula ndi phokoso la magulu olowa mumzinda akuimba m'mamawa, ndiponso kukwera kwa lendi chifukwa nyumba zambiri zasanduka zogona alendo. M'midzi ina malo ongopereka mwaufulu akuvutika chifukwa ena amagona ndi kudya osasiya kanthu, pamene ndalama ali nazo. Chaka cha 2027 chidzakhala Chaka Choyera, popeza tsiku la Yakobo Woyera, 25 Julayi, lidzagwa Lamulungu, ndipo khamu lidzachuluka kuposa apa.

Amene adzalandire khamulo ambiri ndi oyenda akale. Mu 1990 mphunzitsi wina wa ku Catalonia, Lourdes Lluch, anachita lendi kanyumba m'mudzi wa Hornillos del Camino n'kuthera tchuthi chake polandira aulendo, pofuna kubweza zimene iye analandira panjira. Ena anamutsanzira, ndipo pamenepo panabadwa gulu la olandira alendo mongodzipereka, limene lero lili ndi anthu ochokera m'mayiko ambiri. Wofuna kulowa ayenera kukhala woti anayendapo njirayi ndipo achite kamaphunziro ka masiku ochepa. Amadzilipirira yekha ulendo, amatumizidwa kumene kuli kusowa, ndipo amakhala masabata awiri akudzuka ena asanadzuke, kuphika khofi, kukolopa, kutsuka zimbudzi ndi kufufuza nsikidzi m'matiresi, kuti masana atsegulenso chitseko kwa gulu lina.